Tikufuna kusamutsa imelo ya bizinesi koma tikuopa kutaya makalata akale, thandizeni

MayiWaLikhubula
Akuluakulu muli bwanji pagulu pano. Ndabwera ndi vuto, amene mumazitsata za makompyuta chonde ndithandizeni chifukwa ine mutu waima. Tili ndi kamalo kogona alendo kuno ku Likhubula, zipinda 6 basi, ndipo timapezeranso alendo anyamata owaperekeza ndi owanyamulira katundu akafuna kukwera phiri la Mulanje. Alendo akunja ambiri amatilembera pa imelo, ija yokhala ndi dzina la bizinesi kumapeto osati ya Gmail. Anatipangira ndi mnyamata wina wa ku Blantyre mu 2019 pamodzi ndi webusaiti, ife timangomutumizira ndalama chaka ndi chaka. Tsopano chiyambire Febuluwale zinthu sizikuyenda, mlendo wina wa ku Germany anachita kutisaka pa WhatsApp kuti makalata ake atatu abwerera akuti bokosi lathu ladzadza, komanso ife tikatumiza koteshoni ena akumaipeza ku spam patatha sabata atagwira kale malo kwina. Mnyamatayo foni akuyankha mwa apo ndi apo. Mvula ikutha iyi, Meyi akangolowa alendo ayamba kuchuluka ndiye ndikufuna tisamukire kwina kodalirika. Kodi adiresi yathu isintha? poti ili pa chikwangwani cha pamsewu, pa makadi komanso ma agent onse akudziwa yomweyo. Nanga makalata a zaka zonsezi, muli ma invoisi ndi zimene tinagwirizana ndi anthu, atayika? Ma adiresi alipo atatu, ya info, ya bookings ndi yanga.

Kabaza_Chitakale
Mayi musadzivutitse, tsegulani Gmail yaulere mulembepo dzina la loji yanu nkhani ithe. Ine shopu yanga ya masipeya a njinga zamoto ndimayendetsera Gmail ndi WhatsApp chaka chachisanu chino palibe chandivuta.

Sapitwa3002
Amwene masipeya ndi alendo akunja sizofanana. Munthu ali ku Munich akufuna kutumiza dipoziti ya anthu 8 kwa munthu amene sanamuonepo, choyamba amayang'ana ngati adiresi ikugwirizana ndi webusaiti. Komanso mayi anena kale kuti adiresi ili pa chikwangwani, mukuti akapentenso?

Fundi_Luchenza
Mayi mtima m'malo, adiresi siisintha ndipo makalata akale atha kusamuka onse bola zinthu zichitike motsatana bwino. Koma musanayambe kuganiza zoti mupita kwa ndani pali funso limodzi lalikulu kuposa onsewo. Dzina lija lili pambuyo pa @ mu adiresi yanu limatchedwa domain. Linalembetsedwa m'dzina la ndani? Lili ngati simu khadi. Mukukumbukira muja tinkaima pa mizere kulembetsa masimu ndi chitupa cha unzika, simu ikalembetsedwa ndi chitupa cha alamu anu ndiye kuti olo muziigwiritsa ntchito ndinu tsiku ndi tsiku, ikatayika wokaibwezeretsa ndi alamu anuwo. Domain ndi chimodzimodzi. Kampani yosunga imelo ili ngati foni yoikamo simuyo, foni mutha kusintha nambala n'kukhala yomweyo. Ndiye tandiuzeni, muli ndi pasiwedi yolowera kumene domain inagulidwa? Chikumbutso choti domain ikutha chimabwera kwa inu kapena kwa mnyamatayo? Ndipo imathera ndi .com kapena .mw?

MayiWaLikhubula
Ndi .com achimwene. Pasiwedi imene ndili nayo ndi yotsegulira imelo yokha. Chikumbutso sindinachionepo, iyeyo ndi amene amandiimbira Julaye aliyense kuti nthawi yolipira yakwana.

Namasamba_Thyolo
Iii mayi ndiye fulumirani, Julaye sali patali ndipo ndi pakati penipeni pa sizoni yanu. Ife zinatichitikira pa gulu lathu la alimi ang'onoang'ono a tiyi. Wotipangira anapita ku Joni nambala n'kusintha, sitinadziwe n'komwe kuti domain yatha, tinangoona imelo yakhala zii, ife n'kumati mwina ndi netiweki. Mmene timapeza munthu wotifotokozera n'kuti masiku oombolera atadutsa, paja ikatha amakupatsa kanthawi kolipira mtengo wamba, kenako masiku 30 oti uombole pa mtengo wokwera, ukaphonya pamenepo imapita pamsika aliyense atha kugula. Yathu anagula anthu osadziwika akunja n'kuikapo zotsatsa malonda. Tinagula dzina lina, kusindikizanso mapepala a ofesi, kudinditsanso chidindo, ndipo bungwe lina limene tinkakambirana nalo za mbande za macadamia linalemba miyezi iwiri ku adiresi yakufa likuganiza kuti tanyozera. Mpaka lero zimandiwawa.

WebuWaBvumbwe
Ndilankhuleko ngati mmodzi wa anyamata amene akunenedwawo chifukwa nanenso ndimapangira anthu mawebusaiti. Si onse amachita dala. Kasitomala amabwera amati iwe panga zonse ine za makompyuta sindizidziwa, imelo ina alibe, khadi yolipirira pa intaneti alibe, ndiye umalembetsa m'dzina lako kuti ntchito iyende. Chachiwiri domain ndi seva, kompyuta yosunga webusaiti ndi makalata, timalipira m'madola. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44% mu Novembala 2023, koma kasitomala akufunabe kulipira makwacha omwe aja a 2019 ndipo ukamuuza zakwera amati ukumubera. Mapeto ake umathawira ku seva yotchipa yokhala ndi malo ochepa imene mwaunjikana mawebusaiti ambirimbiri, mmodzi mwa iwo akamatumiza zinyalala seva yonse imaipa mbiri ndiye makalata a aliyense amagwera ku spam. Ndikukayikira kuti ndi zimene zikuwachitikira mayiwa. Mayi musapite kwa mnyamatayo ngati mukukagwira wakuba, akakwiya n'kuzimitsa foni mwagwa nayo ndinu. Mufunseni bwinobwino ngati pali ngongole, muilipire, kenako mupemphe kuti domain ilowe mu akaunti yanu.

Namasamba_Thyolo
Achimwene sindinati ndi akuba. Koma chinthu cha mwini chizikhala m'dzina la mwini, mmisiri akakumangira nyumba satenga mapepala a malo kupita nawo kwawo.

WebuWaBvumbwe
Pamenepo sindikutsutsa asisi. Ine ndinasintha, masiku ano kasitomala ndimamukhazika pansi atsegule yekha akaunti, ine andipatse chilolezo cholowamo basi.

Fundi_Luchenza
WebuWaBvumbwe wanena zoona za kalankhulidwe. Mayi, zopempha kwa mnyamatayo ndi ziwiri ndipo musazisakanize. China ndi umwini wa domain. Njira yachidule ndi yoti mutsegule akaunti yanu ku kampani yomweyo imene iye anagulako, iye angoikankhira ku akaunti yanuyo, zimatheka tsiku lomwelo. Mukafuna kuichotsa kupita nayo ku kampani ina ndiye aitsegule loko ndi kukupatsani nambala yachinsinsi yotchedwa EPP code, zimatenga masiku 5 kufika 7, mumalipira chaka chimodzi choonjezera, ndipo ikangosamuka siingasamukenso mpaka patatha masiku 60. China ndi malo otchedwa DNS, kumene kumalembedwa kuti makalata a domain imeneyi azikatsikira kuti. Kusamutsa imelo kumangofuna DNS yokhayo. Ndiye ngati za umwini zikuchedwa, imelo itha kusamuka kaye bola iye avomere kusintha mizere ingapo mmenemo. Amene muli ndi .mw nkhani yanu ndi ya ku Malawi SDNP, ndi amene amayang'anira mayina amenewo.

AnkoloAMakwasa
Ine ndingofunsa, kodi zonsezi ndi za chiyani masiku ano a WhatsApp? Ana anga onse malonda awo ndi pa foni.

Akawunti_Esiteti
Ankolo kayeseni kupempha ntchito yopereka katundu ku esiteti kapena ku bungwe lililonse muone ngati angalandire koteshoni ya pa WhatsApp. Ife ku ofesi invoisi yopanda imelo sitiilowetsa m'mabuku, ma auditor akabwera amafuna kuona tsiku ndi nthawi imene inafika. Ngakhale ku MRA polembetsa Msonkho Online amafuna imelo. WhatsApp foni ikabedwa mu minibasi ya ku Limbe zokambirana za chaka chonse zapita ngati sunasunge.

AnkoloAMakwasa
Chabwino ndamva mwanangu, pitirizani tikuphunzira nawo.

MayiWaLikhubula
Zikomo nonse, ndamulembera uthenga mwaulemu monga mwanenera, wawerenga koma sanayankhe. Podikira tandiuzeni, kopita kwabwino ndi kuti? Mwana wanga akuti Google, wa ku ofesi ina akuti Microsoft.

Sapitwa3002
Google Workspace basi mayi. Ndi Gmail yomweyi imene anyamata anu akuidziwa kale pa mafoni awo koma ndi dzina la bizinesi yanu, pulani yoyambira ndi 30GB pa munthu, spam imasefa bwino, palibe wofunika kumuphunzitsa.

Nkando_Agrodealer
Mwaiwala kunena mtengo aise. Mu 2024 unali madola 6 kapena 7 pa munthu pa mwezi, kuchulukitsa ndi atatu, kuchulukitsanso ndi miyezi 12, ndiye uwapeze madolawo. Ine ndili pa Zoho Mail. Ali ndi pulani yaulere ya anthu osapitirira 5, aliyense 5GB, ndi domain yako yomwe. Vuto lake yaulereyo siilola kulumikiza ku Outlook, pulogalamu yowerengera imelo pa kompyuta, umatsegula pa app yawo kapena pa browser basi. Ukafuna zonse pulani yotchipa imayambira cha pa dola imodzi pa munthu pa mwezi ukalipira chaka chonse. Kwa ife ogulitsa feteleza ndi mbewu zatikwanira.

Sapitwa3002
5GB kwa anthu amene amatumizirana zithunzi za zipinda ndi mapasipoti a alendo? Chaka chimodzi abweranso pano kuti bokosi ladzadza.

Nkando_Agrodealer
Zaka 5 zonsezi akhala pa bokosi laling'ono kuposa pamenepo, afunseni.

Fundi_Luchenza
Nonse mukunena zoona koma mwaphonya chinthu chimodzi chimene chingawachepetsere mayi ndalama. Ma adiresi atatu sikuti ndi anthu atatu olipirira. Pali chimene amati alias, dzina loonjezera limene makalata ake amagwera m'bokosi lomwe lilipo kale ndipo silimalipiridwa, Google imalola mpaka 30 pa munthu mmodzi. Ndiye mutha kulipira mabokosi awiri, lanu ndi la bookings, info n'kukhala alias ya bookings. Ku Microsoft 365 nakonso kuli shared mailbox, bokosi loti anthu angapo aziona limodzi popanda kuligulira laisensi yakeyake, ndipo mu 2024 pulani ya Business Basic inkapereka bokosi la 50GB. Ine kwa bizinesi ngati yanu sindikakamira dzina la kampani, zitatu zonsezi ndi zodalirika kuposa pamene mulipo. Funso ndi loti mudzatha kulipira chaka chamawa osaphonya, chifukwa malipiro akakanika amaimitsa akaunti.

Akawunti_Esiteti
Apo ndiye pagona nkhani. Khadi ya banki yanga yakana kulipira zinthu za pa intaneti kangapo chaka chathachi, mwezi wina imalola mwezi wina ayi, malire ake a madola ndi ochepa zedi. Mayi ngati muli ndi akaunti ya ndalama zakunja poti alendo anu ena amalipira m'madola, funsani ku banki khadi yolumikizana nayo ndipo mulipire chaka chonse kamodzi osati mwezi ndi mwezi. Apo ayi alipo makampani a konkuno amene amagulitsa zomwezi n'kumakulipiritsani m'makwacha, koma muonetsetse kuti akaunti ya admin ili m'manja mwanu, mungachoke pa mnyamata mmodzi n'kukagweranso kwa wina.

MlendoWaKuZomba
Pepani ndalowerera, poti pali a ku Likhubula pano. Tikufuna kukwera ndi anzanga a ku ntchito mwezi wa Juni, masiku awiri okha. Chambe ndi Lichenya kwabwino n'kuti kwa anthu osazolowera? Nanga kuzizira kumakhala bwanji?

Sapitwa3002
Konse ndi kokwera ndithu tsiku loyamba, muyambe m'mamawa. Juni kumtunda kumazizira koopsa usiku ndipo chiperoni chikagwa simuona olo mamita ochepa patsogolo, musayerekeze kupita opanda wokuperekezani. Masiku awiri za Sapitwa muiwale kaye, mukagone ku Chambe mutsike mawa lake mukasambe pa Dziwe la Nkhalamba.

MlimiWaChinanazi
Potsika mudzagule chinanazi pamsewu osanenerera kwambiri abale, feteleza wakwera.

MayiWaLikhubula
A MlendoWaKuZomba ndilembereni kumbali ndikulumikizani ndi anyamata odziwa njira. Tibwerere ku vuto langa chonde. A Fundi ndaona chinthu chachilendo, imelo yanga ija ndikatsegula pa laputopu mu Outlook makalata alipo kuyambira 2019, koma pa foni ndikungoona a masabata awiri apitawa. Pamene ya bookings pa foni ya mtsikana wa pa resepishoni onse alipo mpaka akalekale.

Fundi_Luchenza
Mwachita bwino kunena zimenezi musanasamuke mayi, apa ndi pamene anthu ambiri amalira. Pali njira ziwiri zimene foni kapena kompyuta imatengera makalata. IMAP imasiya zonse pa seva, inu mumangosuzumira, n'chifukwa chake ya bookings ikuoneka yonse ndipo ndi yomweyonso yadzadza. POP imakoka makalata kuwatsitsira mu kompyuta kenako n'kuwafufuta pa seva, Outlook nthawi zambiri imafufuta pakatha masiku 14. Ndiye imelo yanuyo ili pa POP, kutanthauza kuti makalata anu onse a zaka zimenezi, ndi amene munatumiza omwe, ali malo amodzi okha padziko lonse, mu laputopu imeneyo. Chida chosamutsira cha Google kaya Zoho kaya Microsoft chimakoka za pa seva, za mu laputopu sichingazione. Lero lomwe musanachite china chilichonse tsegulani Outlook, pitani pa File, Open & Export, Import/Export, musankhe kutulutsira ku fayilo ya .pst, muchonge kuti itenge ndi mafoda onse a mkati. Fayiloyo muikope pa fulashi ziwiri, ina mukasunge kunyumba osati ku ofesi. Ya bookings nayo muilumikize pa laputopu muitulutse chimodzimodzi, mukatsimikiza kuti yasungika ndiye mufufute makalata akale okhala ndi zithunzi zikuluzikulu ndi kukhuthula foda ya Trash kuti bokosi lipume, alendo asiye kubwezeredwa makalata panopa pamene tikudikira zosamuka.

WaKuMuloza
Za fulashi ziwirizo mverani mayi. Malichi 2023 nthawi ya Freddy madzi analowa mu shopu yathu ya hadiweya usiku, kompyuta inali pansi pa kauntala. Zonse zinali mmenemo, makalata a ma supplier a ku Limbe ndi a ku Milange, maina a amene anatenga malata ndi simenti pa ngongole. Fulashi inalipo koma inali mu dirowa ya tebulo lomwelo. Sindidandaula kwambiri poti anzathu anataya abale ndi nyumba, ife tinapulumuka tonse, koma ngongole zambiri sitinazitolere chifukwa umboni unapita ndi matope. Panopa chilichonse changa chili pa intaneti ndipo kope ina imakhala kwa mchemwali wanga ku Luchenza.

Namasamba_Thyolo
Pepani achimwene, chaka chimenecho sitidzachiiwala.

Kabaza_Chitakale
Nanga bandulo yake idzakhala yochuluka bwanji kusamutsa makalata a zaka 5? Ine n'chifukwa ndimati zaulere zomwezi.

WebuWaBvumbwe
Za pa IMAP sizidya bandulo amwene, seva yatsopano imakoka yokha kuchokera ku yakale, iwe umangolemba dzina la seva, adiresi ndi pasiwedi, olo uzimitse laputopu ntchito imapitirira. Yodya bandulo ndi fayilo ya .pst ija chifukwa ikuchokera mu laputopu kukwera kumwamba. Imeneyo agule bandulo ya usiku, laputopu ikhale yodzadza moto kuopa magetsi, ndipo sikuti ndi yachangu, itha kukwera olo patatha sabata atasamuka kale.

MayiWaLikhubula
Abale mnyamata uja wayankha. Akuti anali ndi maliro kumudzi komanso wayamba ntchito ina ndiye zamawebusaiti akuchita nthawi yopuma. Wavomera kuti domain ili m'dzina lake, ndipo wanditumizira ma risiti, zoona zaka ziwiri zapitazi wakhala akuonjezera ndalama za m'thumba mwake. Ndamubwezera pa Mpamba ndipo usiku uno waikankhira ku akaunti imene mwana wanga wanditsegulira. Ma .pst ndasunga. Tasankha mabokosi awiri ndi alias imodzi monga munanenera. Tsopano ndiyambire pati?

Fundi_Luchenza
Nkhani yabwino kwambiri imeneyi, chovuta chenicheni chadutsa. Mukalowa ku DNS musanakhudze kalikonse jambulani sikirinishoti ya mizere yonse imene ilipo, zikasokonekera mudzabwezera poyang'ana pamenepo. Kampani yatsopano ikupatsani kamzere kotchedwa TXT koti muike kutsimikiza kuti domain ndi yanu, kameneko sikasokoneza chilichonse. Mukatero pangani mabokosi awiri aja ndi alias, maina alembedwe ndendende ngati akale, ndipo mumufunse mnyamatayo ngati panali ma adiresi ena amene munaiwala, mwina ya accounts kapena ya wantchito amene anachoka, chifukwa adiresi imene simunaipange kwatsopanoko makalata ake azibwerera. Kenako yambitsani kukoka makalata akale, nthawi yonseyi imelo ikugwirabe ntchito kwakale palibe akudziwa kuti mukusamuka. Pa mizere ya MX, imene imanena seva yolandira makalata a domain yanu, pali nambala yotchedwa TTL, ndi masekondi amene ma seva ena amasunga zimene anawerenga asanabwerenso kudzafunsa, kawirikawiri pamakhala 3600 kapena 14400. Itsitseni ifike 300 kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, kuti tsiku losinthalo dziko lonse limve msanga. Tsikulo likafika mufufute MX zakale zonse muike zatsopano, musasiye zosakaniza. Mzere wa A ndi wa www musaukhudze, ndi wa webusaiti, ndipo ma nameserver, ma seva osunga DNS yanu, asiyeni momwe alili. Musaope kuti makalata atayika pakatipa, ena agwera kwakale ena kwatsopano kwa maola angapo, ndipo seva yotumiza ikapeza kuti yolandira siikuyankha imayesabe mobwerezabwereza isanagonje. N'chifukwa chake bokosi lakale musalitseke, likhale mwezi wathunthu, pakatha masiku awiri mukokenso kachiwiri kutolera otsalira. Ine ndimasintha Lamlungu usiku pamene makalata ali ochepa.

WebuWaBvumbwe
Zonse ndavomera kupatula Lamlungu usiku bwana Fundi. Alendo a mayiwa ndi anthu opita kutchuthi, Lamlungu madzulo ndi pamene amakhala pansi kulemba makalata okonza ulendo. Komanso chikavuta 11 koloko usiku adzaimbira ndani, mnyamata wawo ali mtulo mawa ntchito. Lachiwiri m'mawa magetsi alipo, aliyense ali maso.

Fundi_Luchenza
Wandigonjetsa mphwanga, ine ndazolowera ma ofesi amene Lamlungu amatseka. Lachiwiri likhale.

Sapitwa3002
Nanga za spam zija zithera pomwepo?

Fundi_Luchenza
Sizitha zokha, pali mizere ina itatu. SPF imanena ma seva amene ali ndi chilolezo chotumiza m'dzina la domain yanu, ikhale imodzi yokha, anthu amalakwitsa poonjezera yatsopano n'kusiya yakale ndiye ziwiri zonse zimakanidwa. DKIM ili ngati chidindo pa kalata iliyonse, mumaitenga ku admin ya kampani yatsopano, mumaiika ku DNS kenako mubwerere kukaiyatsa, ambiri amaiwala kuyatsako. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata imene yalephera ziwirizo, poyamba ikani p=none muzingoona kaye. Kuyambira Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, kalata yopanda SPF kapena DKIM amaikankhira ku spam kapena kuibweza kumene. Mukamaliza lembani domain yanu pa webusaiti ya MXToolbox ikuonetsani ngati MX zasintha, ndipo dzitumizireni kalata ku Gmail ya mwana wanu, atsegule Show original, pa SPF ndi DKIM pazilembedwa PASS.

Akawunti_Esiteti
Ndionjezere za chitetezo poti mukuyamba mwatsopano. Mapasiwedi akale musawagwiritsenso ntchito, simukudziwa kuti adutsa m'manja mwa anthu angati chiyambire 2019. Yatsani zotsimikizira kawiri, zija zoti polowa pamafunika pasiwedi ndi code ya pa foni, nambala ya foni ikhale yanu osati ya mtsikana wa pa resepishoni, akadzasiya ntchito apita nayo, ndipo ma code osungira olowera foni ikatayika muwasindikize muike pamene mumaika mapepala a malo. Imelo yobwezeretsera akaunti ya domain isakhale ya pa domain yomweyo, ikadzatha mudzadzitsekera kunja, ikani Gmail yanu. Supplier wathu wina anthu analowa mu imelo yake n'kumawerenga mwakachetechete, tsiku lotumiza invoisi anatumiza yawo yofanana ndendende atangosintha nambala ya akaunti ya ku banki. Tinapulumuka chifukwa mnzanga anaimba foni kufunsa. Ndiye ma agent anu auzeni kuti akaunti yanu ya ku banki siinasinthe ndipo akalandira kalata yonena kuti yasintha akuimbireni kaye.

MayiWaLikhubula
Ndabweranso abale. Tinasintha Lachiwiri 9 koloko m'mawa, mwana wanga ali pa laputopu mnyamata uja ali pa foni. Isanakwane 10 kalata yoyesera inafika kwatsopano, PASS ponse pawiri. Makalata a bookings onse asamuka ndi mafoda ake, pa mafoni tinachotsa akaunti yakale n'kuika yatsopano. Agent wa ku Lilongwe amene ankadandaula za spam akuti koteshoni yafika mu inbox. Koma pali chimodzi, mlendo akalemba pa fomu ija ili pa webusaiti yathu uthenga sukufika kwatsopano, ndaupeza dzulo m'bokosi lakale, awiri, wina wa anthu 6 ofuna kubwera Julaye. Mwamwayi sitinatseke. Talakwitsa pati?

WebuWaBvumbwe
Simunalakwitse mayi, webusaiti idakali pa seva yakale ndipo sevayo ikudziyesabe kuti ndi mwini makalata a domain yanu, ndiye fomu ikatumiza imangoponya m'bokosi lake lomwe osafunsa MX. Muuzeni mnyamatayo alowe mu cPanel, poyendetsera seva yakaleyo, pa Email Routing asinthe kuchoka pa Local Mail Exchanger aike Remote Mail Exchanger, ndi mphindi ziwiri. Kenako fomuyo ailumikize kuti izitumiza kudzera pa SMTP, seva yotumizira makalata, ya kampani yatsopano, apo ayi SPF iikana poti seva yakaleyo mwaichotsa pa mndandanda.

Fundi_Luchenza
Eya chimenecho ndinaiwala kutchula, zikomo mphwanga. Mayi akakonza mulembe nokha pa fomuyo ngati mlendo muone ngati ufika. Ndipo tsiku lothera domain mu Julaye muja musalidikire, lipirani panopa, ngati khadi ikulola muike zaka ziwiri.

MayiWaLikhubula
Wakonza, ndayesa pa foni ya mlonda uthenga wafika kwatsopano. Anthu 6 aja ndawayankha ndipo atsimikiza. Domain ndilipira mawa ndikapita ku boma, .pst yanga tiyamba kuikweza usiku uno magetsi akakhalapo. A Nkando_Agrodealer mchimwene wanga wa golosale ku Chitakale akufuna ya Zoho ija, ndamupatsa dzina lanu akulemberani.

Nkando_Agrodealer
Alembe basi mayi, koma mumuuziretu abwere atagula domain m'dzina lake ndi chitupa chake, Loweruka ndimakhala pa shopu mpaka 4 koloko.